Kulimitsa ndi Kulimirana: Maganizo Anga pa Dimba Lopsa ndi Chisanu

M'Chichewa mawu akuti chisanu amasenza katundu wamitundu iwiri. Munthu wa ku Salima kapena ku Nsanje akanena kuti kunja kuli chisanu, amangotanthauza kuti lero asamba madzi otentha ndipo ana avala majuzi popita kusukulu. Koma mlimi wa ku Bembeke, ku Tsangano kapena kutsidya kwa malire ku Angónia akanena kuti usiku kwagwa chisanu, nkhope yake imakhala ina. Iye amanena za timadzi toundana, toyera ngati ufa, tomwe timapezeka pa udzu wa m'dambo m'bandakucha m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo timatha kupha dimba lonse la matimati usiku umodzi wokha. M'nkhani ino ndikukamba za chisanu chachiwirichi, makamaka za ntchito yomwe imatsala chikadutsa, yozula ndi kuchotsa mbewu zakufa kuti dimba libzalidwenso. Maganizo anga ndi akuti kwa mlimi wamng'ono ntchito imeneyi si yolembera aganyu. Ndi ntchito ya abwenzi, ndipo tikailola kuti isanduke yogula tidzataya zambiri kuposa matimati.

Ngakhale chiyankhulo chathu chimati chisanu chagwa, icho sichichokera kumwamba monga mvula. Chimapangika pansi pomwepo. Usiku wopanda mitambo ndiponso wopanda mphepo, nthaka imataya msanga kutentha komwe inalandira masana. Mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wofunda, motero umatsetsereka kuchoka m'mapiri n'kukadikha m'malo otsika monga amachitira madzi. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. Mpweya wochokera m'malo okwera chotere ukasonkhana m'dambo, kuzizira kwa pa masamba kumafika pa madigiri 0. Madzi a m'tsamba amaundana n'kung'amba timinofu take. Dzuwa likatuluka, tsambalo limaoneka ngati lathiridwa madzi owira. Pofika masana lafota. Mawa lake lada bii. N'chifukwa chake alimi amati mbewu zapsa kapena zawauka, pomwe moto panalibe. Tsoka lake n'lakuti madimba athu ali m'madambo momwemo, poti ndimo mumapezeka madzi mvula ikatha.

Kumayiko ozizira monga Britain ndi Canada, chisanu choyamba chimabwera cha m'miyezi ya Sepitembala mpaka Novembala, masamba a mitengo akuyoyoka, ndipo chimabwera ngati belu loweruka. Mwini dimba amakhala atadya kale zambiri mwa zomwe anabzala. Amazula zotsala, amakumba mbatatesi, amasunga zida zake n'kudikira chaka chamawa. Abwenzi akathandizana pa ntchitoyo, imakhala yotsekera chaka. Kwathu kuno chisanu chimatipeza pakati pa ntchito, ndalama zomwe tinapeza pogulitsa nyemba kapena chimanga zitalowa kale mu mbewu, feteleza ndi mankhwala, koma phindu lisanatuluke. Ndiponso kuyambira pa njala ya 2002, pomwe boma ndi mabungwe analimbikitsa kwambiri ulimi wothirira n'kugawa mathiredo pampu, mabanja ambiri sadaliranso dimba pa ndiwo zokha. M'dimba ndimo mumachokera fizi, ndalama ya kuchipatala ndi feteleza wa kumunda. Ena mwa ife amene tikuwerenga nkhani ino tinafika kuno ndi ndalama ya matimati ndi kabichi zogulitsidwa pa Lizulu.

Kwa munthu amene sanalimepo dimba, kusesa mbewu zakufa kungaoneke ngati ntchito yaing'ono. Si yaing'ono, ndipo si yongozula chilichonse chomwe chada. Matimati akapsa amaferatu. Choyamba mumathyola zipatso zomwe zinabisala pansi pa masamba, n'kupatula zofewa ndi zooneka ngati galasi chifukwa izo zimaola. Kenako mumamasula zingwe, kuzula timitengo togwiriziza mmodzi mmodzi n'kutimanga m'mitolo kuti tidzagwirenso ntchito, poti m'madera amenewa mitengo siyopezeka chisawawa. Mapesi ake amatulutsidwa m'dimba. Ngati anali ndi chiwawu kapena kambozi kotchedwa Tuta absoluta, amayenera kutenthedwa kapena kukwiriridwa m'dzenje lakuya, osati kuikidwa pa manyowa, kuti matenda ndi tizilombo zisadikirire mbewu yatsopano pomwepo. Nyemba ndi maungu nazonso zimafa, koma zinyalala zake ndi zabwino pa kompositi. Mbatatesi ndi ina: masamba amapsa koma pansi pamakhala pali moyo. Ikakhala kuti inatsala pang'ono kukhwima, mumaisiya kwa masabata awiri kuti khungu lilimbe musanakumbe. Ikakhala yanthete, kawirikawiri imaphukanso, ndiye woizula waononga. Kabichi, repu, mpiru ndi anyezi zimapirira, mumangochotsa masamba akunja owonongeka. Nthochi ndi mapapaya za m'mphepete mwa dimba simuzisadza mpaka nyengo yozizira itatha, chifukwa masamba oumawo ndiwo bulangete la mtengowo chisanu chikabweranso.

Onani kuti zonsezi zimafuna maso odziwa, osati mphamvu zokha. Munthu wolipidwa pa mzere amafuna kumaliza mizere yambiri dzuwa lisanatenthe, ndipo sitingamunene. Sangaime kuti afukule phando la mbatatesi ndi chala n'kuona ngati yakhwima. Mnzako amene akudziwa kuti m'mizere imeneyo muli fizi ya mwana wako amaima.

Palinso nkhani ya nthawi. Mbande za matimati zimakhala pa nazale pafupifupi mwezi umodzi, ndipo kukazizira zimachedwerapo. Zikawokeredwa pamadutsa miyezi iwiri kapena itatu kuti muyambe kuthyola. Mlimi amene dimba lake lapsa mu Julayi akayambiranso kufesa atazengereza, zokolola zake zimakumana ndi mvula yoyamba, pomwe dambo limayamba kudzaza madzi, chiwawu chimachuluka, ndipo manja onse amafunika kumunda. Sabata iliyonse yotayika ndi ndalama. Chomwe chingamupulumutse ndi mbande zokula kale za mnzake amene nazale yake inali yofunditsidwa udzu kapena inali pamalo okwererapo. Mbande zotere mnzako amabwera nazo m'beseni tsiku lomwelo lomwe wabwera ndi khasu.

Ndinaziona zimenezi pa dimba la azakhali anga, lomwe lili kumunsi kwenikweni kwa dambo la kwathu, ndili pa tchuthi. Chisanu chinapsereza matimati awo atangoyamba kubereka. Tsiku loyamba sanagwire kanthu. Anazungulira dimba kawiri, anakhala pansi pafupi ndi chitsime, kenako anabwerera kunyumba makeni ali ouma. M'mawa mwake tinapeza amayi atatu a kumpingo kwawo atafika kale, pamodzi ndi bambo wina amene dimba lake lili chakumtunda ndipo silinakhudzidwe n'komwe.

"Pepani, achemwali, tamva zomwe zachitika kuno," anatero mmodzi mwa amayiwo.

"Zikomo. Koma ine ndilibe chokupatsani, ngakhale thobwa sindinaphike."

"Kodi tanena kuti tabwera kuganyu? Inu tiuzeni poyambira."

Bambo aja sananene zambiri. Anangoti, "Alamu, mbande zilipo kwanga, zakwana kuwokera. Mutume mwana wasukuluyu akatenge." Mwana wasukuluyo ndinali ine, ndipo tsiku lonse ntchito yanga inali yonyamula mitolo ya timitengo, poti amayi aja anagwirizana kuti manja ogwira bolopeni sangasiyanitse mbatatesi yamoyo ndi yakufa. Pofika madzulo dimba linali loyera. Patatha masiku atatu munali mbande.

Ife ophunzira za chiyankhulo tili ndi chida chotithandiza kuona chomwe chinachitika pamenepa. Tengani mneni kulima. Tikamuika mu msintho wochititsa timapeza kulimitsa: pali wolamula ndi wolamulidwa, wina ali ndi ndalama, wina ali ndi khasu. Umu ndimo muli ganyu. Mu msintho womuchitira timapeza kulimira, monga pamene ndikulimira agogo chifukwa sangathe okha. Chimenechi ndi chifundo, koma chimayenda njira imodzi. Tikawonjezera mphatikiri -an- timapeza kulimirana, msintho wochitirana, mbale wake wa kuthandizana. Sam Mchombo, m'buku lake la 2004 lotchedwa The Syntax of Chichewa, akufotokoza kuti mphatikiri ameneyu amachotsa pamtherankhani wa mneni, ndipo amafuna kuti mwininkhani akhale wochuluka, kapena kuti mnzakeyo alowe m'chiganizo kudzera mwa mawu akuti ndi. Sitinganene kuti "ndikuthandizana azakhali". Timati "ndikuthandizana ndi azakhali", kapena "tikuthandizana". M'chiganizo chotere palibe munthu amene watsala kumapeto ngati wongolandira. Onse ali kumbali ya ochita.

Sindikunena kuti malamulo a chiyankhulo amalamula khalidwe la anthu. Mphatikiri yemweyo ali mu kumenyana, kudana ndi kudyerana masuku pamutu, ndipo Chiswahili ndi Chizulu zili naye popanda kusandutsa eni ake angelo. Ndikungonena kuti chiyankhulo chathu chinasiyanitsa kale maubale atatuwa, ndipo munthu amene wangotaya zonse amamva kusiyana kwake. Akalimitsa, ayenera kutulutsa ndalama yomwe alibe. Akalimiridwa, amasanduka wovutika wa m'mudzi, woti anthu azimuloza. Koma anzake akabwera m'dzina la kuthandizana, iye amakhalabe mlimi mnzawo amene chaka chino zamuvuta.

Chisanu chili ndi khalidwe lina lomwe limapangitsa kuti kuthandizana kotere kutheke. Icho chimasankha. Chilala chikabwera chimagwira mudzi wonse, ndipo namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023 anakokolola minda ya midzi yathunthu m'chigawo cha kumwera, kotero kuti woti athandize mnzake analinso wofuna thandizo. Chisanu cha m'dambo chimatha kupsereza dimba ili n'kusiya la pafupi nalo lomwe lakwererapo pang'ono, kapena lomwe lili m'munsi mwa mitengo, kapena lomwe linathiriridwa bwino dzulo lake poti nthaka yonyowa imasunga kutentha. Choncho m'mawa wotsatira m'dambo limodzi mumakhala olira ndi opulumuka. Akadaulo a inshuwalansi amadziwa kuti ngozi yogwera ochepa panthawi imodzi ndiyo yosavuta kugawana. Alimi a m'madambo amachita zomwezo popanda fomu yolemba.

Kusankha komweko kuli ndi kuipa kwake, ndipo apa ndi pomwe ndikuona kuti nkhaniyi ndi yaikulu. Munthu akaona kuti dimba lake lada pomwe la mnzake, lotalikirana nalo mapazi ochepa, lili lobiriwira, funso limabwera lokha: bwanji langa lokha? Tonse tikudziwa komwe funso lotere limathera m'midzi mwathu. Limathera kwa asing'anga, pa bwalo la amfumu, ndipo nthawi zina limathera pa nkhalamba yosalakwa kunenedwa kuti ndi mfiti. Tingafotokoze za mpweya wolemera mpaka mawu kutha, koma mtima wowawa sumva msanga za madigiri. Chomwe chimazimitsa kukayikirana ndi kuona wopulumukayo akutsika m'mamawa ndi khasu ndi mbande. Akakhala kwake n'kumathirira matimati ake obiriwira osayang'ana kumunsi, ngakhale alibe mlandu, wafesa mbewu ya udani. Waganyu wochokera kwina angayeretse dimba, koma ntchito iyi yoyeretsa mitima sangaigwire.

Ndiyerekezenso ndi mwambo wa maliro, ngakhale ndikudziwa kuti matimati si munthu. Pa Chichewa namfedwa sakumba manda. Pali adzukulu ogwira ntchito imeneyo, pali ophika, pali otunga madzi, ndipo palibe amene amadikira kuitanidwa ndi kalata. Makolo anazindikira kuti pali ntchito zina zomwe mwini tsoka sangazigwire yekha, osati chifukwa chosowa mphamvu, koma chifukwa manja amalemera. Kuzula mbewu yomwe unaithirira ndi keni m'mawa ndi madzulo kwa miyezi iwiri, madzi akuluma zala ndi kuzizira, ndi imodzi mwa ntchito zotere. Ambiri amangolisiya dimbalo kwa masabata, osafuna n'kuliona komwe, mpaka nthawi yobzalanso itadutsa. Nzosadabwitsa kuti mawu oyamba a amayi aja anali akuti pepani, mawu omwe timanena pa siwa.

Wina anganene kuti zomwe ndikukambazi ndi dima chabe, ndipo dima inatha kalekale. Zikufanana, koma si chimodzi. Pa dima mwini munda amafulula mowa kapena kuphika thobwa, amatchula tsiku, anthu n'kubwera kudzalima. Dima imafuna kuti woitanayo akhale ndi chimanga ndi chimera, ndiponso nthawi yokonzekera. Chisanu sichipereka nthawi, ndipo chimamusiya munthu wopanda choitanira anthu. Thandizo la pambuyo pa chisanu liyenera kubwera losaitanidwa, ndipo mwini dimba asachite manyazi kuti anthu abwerera kukamwa kuli gwa.

Mtsutso wolemera kwambiri ndi wa aganyu eni ake. Mu Juni ndi Julayi ntchito za kumunda zimakhala zitachepa, ndipo kwa mnyamata wopanda malo m'dambo, ganyu ya m'madimba ndiyo imamugulira sopo ndi mchere. Martin Whiteside analemba m'chaka cha 2000 kuti kwa mabanja osauka a kumidzi m'Malawi, ganyu ndiyo njira yaikulu yopezera chakudya pambuyo pa ulimi wa pamunda pawo. Ndiye abwenzi okhala ndi madimba akamagwirirana ntchito ulere, kodi sakulanda nsima pakamwa pa wosauka kuposa iwo? Funsoli ndi loona ndipo sindikulipeputsa. Yankho langa lili pawiri. Choyamba, mlimi wamng'ono amene dimba lake lapsa alibe ndalama yolipirira. Kuti alembe waganyu ayenera kukatenga katapila kapena kugulitsa chimanga cha m'nkhokwe pa nthawi yomwe mtengo wake uli wotsika, n'kudzachigulanso modula mu Januwale. Kawirikawiri salemba aliyense, dimba limangogonera. Ganyu yomwe tikuti yalandidwayo kunalibe. Chachiwiri, dimba likabzalidwanso msanga limabala ganyu ya miyezi itatu: kuthirira, kumangirira, kupopera, kuthyola ndi kunyamula madengu kupita kumsewu. Tsiku limodzi la ulere limatsekula masabata ambiri olipidwa.

Komabe pali malire. Mlimi wamkulu, wa pampu ya injini ndi galimoto yonyamulira katundu ku Lilongwe, chisanu chikamupsereza alembe aganyu ndipo awalipire bwino. Harri Englund, amene anachita kafukufuku m'midzi ya ku Dedza, anasonyeza m'nkhani yake ya 1999 kuti kumeneko ganyu si kugula mphamvu za munthu chabe, koma ili mkati mwa maubale, ndipo munthu wopeza bwino amayembekezeka kuipereka. Munthu wotere akaitana anzake kuti amugwirire ntchito ulere m'dzina la chikondi, kumeneko ndi kuumira, ndipo wabisa kulimitsa mkati mwa kulimirana. Sindikunyoza ganyu ayi. Ndikukana kuti ikhale njira yokhayo yomwe khasu la munthu lingalowere m'dimba la mnzake.

Nanga amene alibe chobweza? Mayi wamasiye wokalamba, munthu wodwaladwala, kapena mlendo wobwereka malo m'dambo la eni, angalowe bwanji mu kuthandizana pomwe iye sadzatha kuthandiza wina? Apa chiyankhulo chikutithandizanso. Tikati ana akutsatana popita kusukulu, sititanthauza kuti aliyense akutsata aliyense. Wotsogola satsata munthu, ndipo wotsiriza palibe womutsata, koma chiganizocho n'choona. Mphatikiri -an- safuna kuti zinthu zifanane ndendende. Amangofuna kuti onse akhale m'gulu limodzi lomwe ntchitoyo ikuzungulira. Kuthandizana sikusunga kaundula ngati wa banki m'khonde, momwe aliyense amalembedwa zomwe waponya. Gogo amene sangagwire khasu amasunga mbewu ya mpiru, amalera ana a omwe ali m'dimba, amadziwa mbali ya dambo yomwe chisanu chimakonda. Za mlendo, ndikuvomereza kuti ndiye amaiwalika msanga, ndipo mipingo ndi makalabu a alimi ndiwo angamukumbukire, poti iwo amasonkhanitsa anthu posayang'ana mtundu kapena mudzi wochokera.

Kubweza nakonso sikuchitika ndi chinthu chofanana ndi chomwe unalandira. Dimba la kumunsi kwa dambo ndilo limayamba kupsa ndi chisanu, koma ndilonso limasunga madzi nthawi yaitali. La kumtunda limapulumuka mu Julayi, koma pofika Okutobala, dzuwa litakwiya, chitsime chake chimayamba kutulutsa matope. Nthawi imeneyo amene anatsika ndi mbande uja amatsikanso, ulendo uno atanyamula makeni awiri opanda kanthu, kukatunga pa chitsime cha mnzake.